Nthenda ya Mitsempha ya Mtima Pakati pa Ana Athu

Pa tsiku la chikondwerero ngati lino tikadangoimba ndi kudyera pamodzi, koma ife anzanu a pano pa Phwezi tapempha kamphindi kuti tikambe za nthenda imene imatha kutilanda ana amene tikuyembekeza kuti ndiwo adzatiika m'manda.

Tonse tidamvapo za maliro otere: mnyamata wa zaka 35, wamphamvu zake, wadandaula pachifuwa madzulo, kukucha watisiya. Pasiwa anthu amanong'onezana kuti wamenyedwa ndi hamala, ndipo chala chimaloza agogo ena osalakwa. Imfa zadzidzidzi ziri ndi zifukwa zambiri, koma chimodzi mwa izo ndi kutsekeka kwa mitsempha ya mtima.

Mtima ndi mnofu waukulu ngati nkhonya ya mwiniwake, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Kuti ugwire ntchito yotereyi, nawonso umafuna magazi, ndipo umawalandira kudzera m'mitsempha iŵiri ikuluikulu ndi nthambi zake. Inu amene mumalima madimba m'mbali mwa South Rukuru mukudziŵa zimene zimachitika ngalande ikayamba kudzaza matope: madzi amachepa pang'onopang'ono mpaka mbewu zakumapeto zifota. Momwemonso mafuta amaunjikana m'khoma la mtsempha, njira ya magazi nkumachepa. Tsiku lina pamene paunjikana mafutapo pamang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira nkutsekekeratu. Mbali ya mtima imene yasoŵa magazi imayamba kufa ola limodzi lisanathe.

Chimene tifuna kuti mupite nacho kunyumba ndi ichi: nthendayi imaonekera tsiku limodzi, koma imayamba munthu akadali mwana. Umboni wake udapezeka kale. M'chaka cha 1953 madokotala a ku America adalengeza zimene adapeza atapima mitembo 300 ya asirikali awo amene adafa pa nkhondo ya ku Korea. Anali anyamata a zaka ngati 22, komabe mwa 100 alionse, 77 anali atayamba kale kuwonongeka mitsempha ya mtima.

Mwina wina anena kuti imeneyo ndi nthenda ya Azungu ndi anthu olemera. Iyayi, zoyambitsa zake ziri pakati pathu. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO adapima Amalaŵi a zaka 25 mpaka 64. Adapeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene timaitchula kuti BP, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowo sankadziŵa. Bambo mmodzi mwa anayi ankasuta fodya. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la MEIRU lidapimanso anthu ku Lilongwe ndi kwa anansi athu a ku Karonga, ndipo ku Karongako amayi 27 mwa 100 alionse anali onenepa kupyola muyeso. BP, fodya, kunenepa, matenda a shuga ndi mafuta ochuluka m'magazi ndizo zimawononga mitsempha.

Pali ena ofunika kusamala koposa. Ngati bambo kapena mchimwene adadwala nthendayi asanakwane zaka 55, kapena mayi kaya mchemwali asanakwane 65, banja lonse likapimitse. Amene ali ndi kachirombo ka HIV asasiye ma ARV, koma azipimitsanso BP akapita kukatenga mankhwala. Mtsikana amene BP idakwera ali ndi pakati asaiŵale za izo mwana akabadwa, pakuti chiopsezo chimamtsata m'tsogolo.

Nanga ife amayi tingachitenji? Choyamba, mchere uli m'manja mwathu. WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti osadzaza supuni yaing'ono ya tiyi, kuŵerengera zakudya zonse. Tichotse kambale ka mchere pamphasa. Chachiŵiri, tisanyoze mgaiwa, nyemba, usipa, nkhwani ndi bonongwe wotendera ngati zakudya za aumphaŵi. Ana athu akazoloŵera chipisi cha pachiwaya m'mbali mwa mseu wa M1 ndi zakumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku, ngalande ija ikudzaza. Chachitatu, fodya. Ambiri kuno ku Rumphi talipira sukulu ndi ndalama za fodya, sitikana, koma asaloŵe m'chifuwa cha mwana wathu. Wosiya kusuta, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha nthendayi chimatsika pafupifupi ndi theka. Chachinayi, amene ntchito yake ndi yokhala pansi, m'sitolo, m'kalasi kaya pa njinga yamoto, aziyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Chachisanu, tiwatume kuchipatala akapimitse BP ngakhale sakumva kuŵaŵa paliponse. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, atsate malangizo a dokotala, ndipo asasiye mankhwala chifukwa choti akupeza bwino.

Tidziŵenso zizindikiro zake. Munthu amamva kulemera kapena kufinyika pakati pa chifuwa ngati wina wamuikapo mwala, ndipo ululu umatha kufika kumkono, kukhosi kapena kunsagwada. Amatuluka thukuta lozizira, amabanika, mwina nkuchita mseru. Kwa amayi ndi odwala shuga nthaŵi zina kumangokhala kubanika ndi kufooka kwachilendo. Zotere zikapitirira mphindi zingapo, tisanene kuti ndi chilungulira, tisadikire kuti kuche. Wodwalayo akhale pansi, asayende yekha, tifune galimoto msanga kupita ku chipatala cha boma ku Rumphi, kumene angamtumize ku Mzuzu Central Hospital ngati kuli kofunika. Kupemphera tipempherere m'galimoto momwemo.

Amayi anzathu, tatha zaka zambiri tikuyendera odwala ndi kuphika pamaliro, ndipo ntchito imeneyo tipitiriza. Pempho lathu ndi lakuti pamsonkhano wathu wa mwezi wamaŵa, mayi aliyense adzatiuze kuti ndi ana angati a m'nyumba mwake amene apimitsa BP. Ifenso tiyambe ndi kupimitsa tokha.