Mabwalo akonzedwe mpira wa m'sukulu usanayambe

Mafumu olemekezeka, makolo, aphunzitsi ndi makomiti a chitukuko: mvula ikangokata kuno kumapiri a Dedza, ana a sekondale ayamba kulimbana pa mpira wa miyendo m'mipikisano ya bungwe la MASSA. Nthawi yake ndi yochepa, pakuti chisanu cha mu June chikamafika, a Fomu 4 amakhala atatanganidwa kale ndi mayeso a MSCE.

Nkhawa yaikulu ili pa sukulu zoyendera za kumidzi. Madzi otsika m'mapiri amakumba zigwembe pakati pa bwalo, udzu umafika m'mawondo, ndipo pena munda wa kachewere umalowerera mpaka kuseri kwa golo. Mwana wothamanga pabwalo lotere, kawirikawiri wopanda nsapato, sachedwa kubinya mwendo. Kukwirira zigwembe ndi kutchetcha udzu sikulira ndalama za khonsolo. Kumafuna makasu, zikwakwa ndi mawu a mfumu okumbutsa malire a malo a sukulu.

Palinso ulendo. Timu ya ku Mtakataka kapena ku Golomoti imayenera kukwera zitunda kuti ifike ku boma, ndipo ikasowa ya galimoto imagonja isanaugunde n'komwe mpira. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi akambirane za thumba la maulendowa tsopano, osaiwala timu ya atsikana.

Chilowereni Dedza Dynamos mu Super League mu 2022, ana ambiri akulakalaka kudzasewera pa Dedza Stadium. Makochi ofuna osewera atsopano sangamuone mwana amene timu yake yalephera kufika pabwalo.