Kulimbitsa Thupi Pakhomo Mutabereka mwa Opareshoni

Lero ku sikelo kuno kwa Makhuwira tikambirana za mayi amene wabereka mwa opareshoni.

Uchembere ukavuta, anamwino amatumiza mayi kutsidya kwa Shire, ku chipatala chachikulu cha Chikwawa, kumene madokotala amatulutsa mwana pong'amba pamimba. Akabwerera kumudzi, ena amangogona pamphasa tsiku lonse poopa kuti ulusi uduka. Ena amathamangira ku munda wa mpunga ku Nkhate bala lisanapole. Zonse ziwirizi n'zoopsa. Kugona kosadzuka kumachititsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo makhololo amadzaza m'chifuwa. Ntchito yolemetsa nayo ingathe kutsegula bala. Chofunika ndi kulimbitsa thupi pang'onopang'ono motere:

1. Pumirani m'kati kwambiri kasanu pa ola lililonse muli maso. Potsokomola, gwirizani bala ndi chitenje choyera chopindapinda.

2. Muli chigonere, wongolani ndi kupinda mapazi kakhumi kuti magazi aziyenda bwino.

3. Podzuka, yambani mwatembenukira cham'mbali, kenaka dzikankheni ndi manja. Musadzuke chagada.

4. Yendani pabwalo m'mawa ndi madzulo dzuwa litapepa, popeza kuchigwa kuno n'kotentha. Tsiku lililonse onjezani kamtunda, ndipo muzimwa madzi ambiri.

5. Finyani minofu ya kumusi ngati mukuletsa mkodzo, werengani mpaka 5, n'kumasula. Chitani zimenezi kakhumi, katatu pa tsiku.

Kwa masabata 6 musasinje, musalime, ndipo musanyamule chinthu cholemera kuposa khanda lanu. Khanda limalemera pafupifupi makilogalamu 3, koma chidebe cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Ntchito zimenezi agwire ndi abambo a kunyumba, apongozi kapena achemwali. Mayi amene akuyembekeza bala kupola si waulesi ayi.

Fulumirani kudza kuchipatala ngati thupi latentha, bala likutuluka mafinya, mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, mukubanika, kapena mukutaya magazi ambiri. Musapake mankhwala achikuda pabala.

Pakatha masabata 6 bwerani anamwino adzakupimeni, mwana adzalandire katemera, ndipo tidzakambirane za kulera. Dikirani zaka 2 musanatengenso pathupi, ndipo mwana wotsatira mukaberekere ku chipatala chachikulu.

Kumbukirani, amayi: mayi akachira bwino, mwana amayamwa bwino. Mukawauzeko anzanu amene sanabwere lero.