Dzuŵa, Madzi ndi Magiya: Pikapu Zakale za Otomatiki kwa Makhuwira

 Lero tikambirana za pikapu zakale zoyendera dizilo zimene zimasintha zokha magiya, zija timati za otomatiki. Galimoto yotere ikayamba kuchedwa kusintha giya, kapena kusintha mogunda, mwini wake achitenji? Chitsanzo chathu tichitenga kwa Makhuwira, m'boma la Chikwawa, pakuti zinthu zimene zimazunza giyabokosi zimapezeka kumeneko zonse pamodzi.

Dera la Mfumu Makhuwira lili kutsidya la kum'maŵa kwa Shire, pakati pa mtsinjewo ndi mapiri a ku Thyolo. Mseu wake umapatukira pa Thabwa, m'munsi mwa chitunda chochokera ku Blantyre, nudzera ku Livunzu ndi ku Nkhate kuloŵera ku Masenjere ndi ku Muona m'boma la Nsanje. Mitsinje yotsika m'mapiri imadula mseuwo m'malo ambiri, ndipo mvula ikagwa imabwera ndi mchenga, miyala ndi matope. Ambiri tikukumbukira mmene madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anaonongera miseu ndi milatho m'chigwachi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Pikapu ya kumeneko imanyamula mpunga wa ku sikimu ya Nkhate, chimanga, mbuzi ndi anthu a matola, ndipo usiku ndi yomweyo imene imathamangira ndi wodwala ku chipatala cha boma ku Chikwawa. Ikaima, sasauka mwini yekha.

Kuti timvetse matenda ake, tiyambe tadziŵa mmene giyabokosi ya otomatiki imagwirira ntchito. Luso limeneli si lachilendo: kampani ya General Motors ya ku America inayamba kuligulitsa m'magalimoto a Oldsmobile a chaka cha 1940. M'galimoto yotere mulibe kilatchi yoponda ndi phazi. M'malo mwake, pakati pa injini ndi giyabokosi pali chitsulo chozungulira chodzaza ndi oyilo, chimene amakaniko amachitcha torque converter. Injini imazunguza oyiloyo, ndipo oyiloyo ndiye amazunguza giyabokosi. M'kati muli pampu yokankha oyilo yemweyo m'tinjira ting'onoting'ono kuti akafinye timakilatchi tosankha giya loyamba, lachiŵiri, lachitatu kapena lachinai. Choncho oyilo ali ndi ntchito zinai: kunyamula mphamvu ya injini, kusintha magiya, kufeŵetsa zitsulo ndi kuchotsa kutentha. Oyilo akadwala, magiya nawo adwala.

Nchifukwa chake poyambira ndi pa oyilo. Kayezedwe kake nkosiyana ndi ka oyilo wa injini. Yendetsani galimoto mpaka itatentha bwino, muiimike pamalo osapendekeka, mukoke handibuleki, ndipo injini musaizimitse. Mutaponda buleki, yendetsani ndodo ya magiya m'malo ake onse, kenaka muibwezere pa P. Solani kachitsulo koyezera, mukapukute ndi nsalu yoyera, mukabwezere, nimukasolenso. Oyilo ayenera kufika pa chizindikiro cholembedwa HOT. Akachepa, pampu imayamwa mpweya: galimoto imachedwa kunyamuka mukaika pa D, ndipo pokwera mtunda injini imangolira koma liŵiro palibe. Akachulukitsa amachita thovu, ndipo thovu silifinya kanthu.

Yang'anitsitsani mtundu wake ndipo mumnunkhize. Oyilo wabwino ndi wofiira ndi woonekera. Akada bii namanunkha chopserera, ndiye kuti wapsa ndi kutentha. Akaoneka ngati mkaka wosakaniza ndi zofiira, muli madzi, ndipo galimotoyo isayendenso kufikira oyiloyo atachotsedwa.

Oyilo wa otomatiki ali m'mitundumitundu. Pali Dexron, amene anayamba kugulitsidwa mu 1967 ndipo wakhala akukonzedwanso kangapo. Pali Type T-IV ndi WS a magalimoto a Toyota, ndi ena otero. Mtundu woyenera umalembedwa m'buku la galimoto, kaŵirikaŵirinso pa kachitsulo koyezera kaja. Oyilo wa injini, oyilo wolimba wa giyabokosi yapamanja, kapena mafuta a mabuleki asaloŵemo ngakhale dontho. Oyilo wogula m'botolo losatsekedwa bwino pamsika ndi wotsika mtengo lero, koma maŵa adzakugulitsani giyabokosi.

Posintha oyilo, makaniko atsitse chibeseni cha pansi pa giyabokosi, atsuke maginito amene amagwira tizitsulo, ndipo atsuke kapena asinthe sefa. Fumbi lachitsulo losalala pang'ono pa maginito si lodetsa nkhaŵa. Zidutswa zogwirika ndi zala ndizo zisonyeza kuti m'kati mwaonongeka. Dziŵaninso kuti potsitsa motero pamatuluka mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a oyilo yense, pakuti wotsalayo amakhalira mu torque converter ndi m'mapaipi. Ngati oyilo anali wakuda, bwerezani ntchitoyi kaŵiri kapena katatu, mukuyendako pakati pake. Kwa galimoto yolemedwa ndi katundu m'dziko lotentha, kusintha pa makilomita 40,000 alionse si kuononga ndalama.

Mdani woyamba wa oyiloyu ndi kutentha. Amagwira bwino ntchito pa madigiri 70 mpaka 80, koma akapitirira 120 amapsa msanga, ndipo malabala otseka oyilo m'kati amauma. Amaziziritsidwa m'kapaipi kodutsa m'radiyeta ya injini. Choncho radiyeta yotsekeka ndi matope, udzu ndi mankhusu a mpunga imaotcha injini ndi giyabokosi pamodzi. Itsukeni kunja ndi madzi, ndipo muonetsetse kuti fani ikukupiza mwamphamvu. Amene amanyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku achita bwino kuonjezera karadiyeta kena kakang'ono ka oyilo yekha, komangidwa kutsogolo kumene kumaomba mphepo. Nyali yolembedwa A/T OIL TEMP ikayaka, imani pambali pa mseu, ikani pa P, ndipo injini muisiye ikulira pang'onopang'ono kufikira nyaliyo itazima. Mukaizimitsa pomwepo, oyilo amaleka kuzungulira ndipo sazizira msanga.

Mdani wachiŵiri ndi madzi, ndipo ali ndi makomo aŵiri. Khomo loyamba ndi kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa giyabokosi. Chitsulo chotentha chikaloŵa mwadzidzidzi m'madzi ozizira a mtsinje, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo kabowoko kamayamwa madzi. Madziwo amamatula zomatira za timakilatchi tija, ndipo zikamatuka palibe oyilo amene angazibwezere. Makaniko angathe kulumikiza kapaipi ka labala pa kabowoko nakakwezera m'mwamba pafupi ndi injini. Ntchito yake ndi yaing'ono, mtengo wakenso ndi wochepa. Komabe mukaoloka madzi ofika pamwamba pa theka la tayala, yang'anani oyilo tsiku lomwelo. Ndipo mtsinje ukadzaza, dikirani utaphwa: kuona maso a nkhono nkudekha.

Khomo lachiŵiri ndi radiyeta yomweyo. Madzi a m'mijigo yambiri ya m'chigwachi ali ndi mchere, ndipo akathiridwa m'radiyeta amadya chitsulo pang'onopang'ono. Kapaipi ka oyilo kaja kakabooka, madzi a injini amasakanikirana ndi oyilo wa magiya. M'radiyeta muzithira mankhwala ake oziziritsira injini, osakaniza ndi madzi opanda mchere.

Oyilo akakhala bwino koma magiya nkumavutabe, yang'anani chimene chimauza giyabokosi mmene mwapondera moto. M'magalimoto ambiri akale muli kebulo yochokera pa pampu ya dizilo kapena pa chopondera moto kupita ku giyabokosi. Ikakhwepa, mphamvu ya oyilo imachepa ndipo timakilatchi timaterera posintha giya. Ikakungika kwambiri, giya limaloŵa mogunda. Pali ena amene amaikhwefula dala kuti galimoto izisintha mofeŵa. Kufeŵa kumeneko nkonyenga, pakuti ndiko kuterera kumene kumapsereza timakilatchi. Kebuloyo ichunidwe molingana ndi chizindikiro chake, monga buku la galimoto linenera.

Magalimoto a zaka zotsatira, monga Toyota Hilux ya injini ya 3.0 D-4D imene inayamba kugulitsidwa cha mu 2005, amasankha magiya ndi kompyuta. Kompyutayo imadalira tizipangizo toyeza liŵiro ndi kapondedwe ka moto, ndipo imalamula timavavu tamagetsi totchedwa solenoid. Waya wodyeka ndi dzimbiri, pulagi yodzaza matope kapena batire yofooka zingathe kuchititsa galimoto kukakamira giya limodzi pamene giyabokosi ilibe chilema. M'magalimoto ambiri a Toyota nyali ya O/D OFF ikamaphethira yokha, ndiye kuti kompyuta yaona vuto, ndipo makaniko wodziŵa angathe kuliŵerenga. Musaiŵalenso injini. Sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, kapena sefa ya dizilo yakuda, imafooketsa injini; woyendetsa amapondereza moto, giyabokosi nimangobwerera ku giya lotsika, ndipo mlandu umagwera wosalakwa.

Tsopano tinene za dzanja ndi phazi la woyendetsa. Pokwera chitunda cha Thabwa ndi katundu, galimoto ikamasinthasintha pakati pa magiya aŵiri, dinani batani la O/D OFF kapena ikani pa 2 kuti ikhazikike pa giya limodzi. Potsika, ikani pa 2 kapena pa L musanayambe kutsetsereka, kuti injini ithandize mabuleki. Poima pamtunda gwirani galimoto ndi buleki, osati ndi moto. Musachoke pa D kupita pa R matayala asanaime. Mukatitimira mumchenga kapena m'matope, musalimbane nazo popondereza moto uku mukusinthasintha kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa mphindi zoŵerengeka zotero zimaŵiritsa oyilo. Tsitsani katundu, fukulani ndi khasu, yalani nthambi, ndipo ngati galimotoyo ili ndi giya la 4L, ligwiritseni ntchito. Katundu wopyola muyeso, ndiponso matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, zonsezi zimalemetsa giyabokosi.

Pali zinthu ziŵiri zimene tinazoloŵera pa galimoto ya giya yapamanja koma pa otomatiki nzoletsedwa. Choyamba, pikapu ya otomatiki siilira poikankha. Batire ikafooka, funani ina yolizira. Chachiŵiri, injini ikazima pampu ya oyilo nayo imaima, motero kukoka galimoto kuchokera ku Livunzu mpaka ku Blantyre matayala akumbuyo ali pansi ndiko kupera zitsulo zouma. Masulani shafiti yopita ku matayala, kapena muikweze pa lole.

Zonsezi zikachitika koma galimoto nkumatererabe, ndipo m'chibeseni mukupezeka zidutswa, pamenepo giyabokosi iyenera kutsegulidwa. Ntchito imeneyo imafuna ukhondo waukulu, pakuti kamchenga kamodzi nkokwana kutseka vavu. Si ntchito yogwirira pansi pa mtengo mphepo ikuulutsa fumbi. Pitani kwa makaniko amene anazoloŵera za otomatiki, ndipo mumufunse akuonetseni chimene chaonongeka asanagule china.

Omvera, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wogula pikapu ya otomatiki wapumitsa phazi lake lamanzere, koma walandiranso udindo. Yambani ndi zotsika mtengo: oyilo woyenera pa muyeso wake, radiyeta yoyera, kabowo kopumira kotetezedwa, kebulo yochunidwa bwino, mawaya olimba ndi kayendetsedwe kodekha. Mvula isanayambe, patulani tsiku limodzi loyang'ana zimenezi, kuti wodwala akadzagogoda pakhomo panu usiku, galimoto idzanyamuke.