Mwana Wosayankhula Naye Amafuna Kudziwa Chimene Chikubwera



Lero tikambirana za ana amene ambirife timawadziwa koma sitiwatchula pagulu. M'midzi yathu kuno ku Mwanza muli ana amene afika zaka 4 kapena 5 asanayambe kuyankhula. Mukawaitana sacheuka, chonsecho makutu ali bwinobwino. Amakonda kusewera okha, ndipo kanthu kakangosintha, ngakhale kapu yomwera phala, amalira mpaka kudzigwetsa pansi. Ena mwa anawa ali ndi vuto limene achipatala amalitcha autism. Ena angochedwa kukula m'nzeru ndi m'kayankhulidwe.

Tinene poyera kuti umenewu si ufiti. Timamva manong'onong'o akuti bambo wake anamuika mwanayo m'chizimba kuti geni ya manachesi iyende. Mawu otere apasula mabanja, ndipo achititsa kuti ana ena azitsekeredwa m'nyumba. Dokotala wina, Leo Kanner, analemba za ana otere ku America mu 1943, ndipo lero tikudziwa kuti amabadwa m'mitundu yonse, kwa olemera ndi osauka omwe. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala. Gawo 25 likuti maphunziro ndi ufulu wa munthu aliyense. Silikunena kuti oyankhula okha ayi.

Nanga mwana wotere amavutiranji? Kawirikawiri ndi mantha. Tayerekezani kuti mwawoloka pa Zobue mpaka mwafika ku Maputo, pakati pa anthu amene chiyankhulo chawo simuchimva. Wina akukukokani dzanja, wina akukuvulani malaya, ndipo palibe wokuuzani kumene mukupita kapena kuti zimenezi zitha liti. Kodi simungalimbane nawo? Umu ndi mmene tsiku limakhalira kwa mwana amene mawu samulowa msanga. Mawu akatuluka m'kamwa ndiye kuti apita. Chithunzi chimakhala pomwepo, mwana n'kumachiyang'ana mpaka atamvetsa.

Ife Akatolika nzeru imeneyi si yachilendo. Pa makoma a tchalitchi pali zithunzi 14 za Njira ya Mtanda. Agogo amene sanapiteko kusukulu amadziwa pamene tafika ndi pamene patsala pongoyang'ana pakhoma. Akatswiri a ku North Carolina ku America, motsogozedwa ndi Eric Schopler, anakhazikitsa ntchito yotchedwa TEACCH mu 1972, ndipo chimodzi mwa zimene anaphunzitsa makolo ndi aphunzitsi n'chimenechi: muonetseni mwana tsiku lake m'zithunzi.

Sizilira ndalama. Dulani katoni yakale m'tizidutswa tonga chikhatho. Pa kalikonse jambulani chinthu chimodzi chokha: beseni kutanthauza kusamba, kapu kutanthauza phala, nsapato kutanthauza ulendo, mphasa kutanthauza kugona. Mangani chingwe pakhoma pamene maso a mwana akufika, n'kukolekapo zithunzizo motsatana, kuyambira kumanzere. Pansi pake ikani kadengu. Nthawi yosamba ikakwana, pitani naye pachingwepo, lozani beseni, nenani mawu amodzi: "Kusamba." Akatha kusamba, iye mwini achotse chithunzicho ndi kuchiponya m'dengu, inu n'kunena kuti, "Zatha." Kadengu aka musakapeputse. Ana ambiri chimene chimawaopsa n'chakuti sadziwa ngati chinthu chosawakomera chili ndi mathero.

Alipo ana amene chojambula sichiwauza kanthu. Amenewa apatseni chinthu chenichenicho m'manja: sopo pokasamba, supuni pokadya. Zojambula zibwera pambuyo.

Cholakwa chimene chimachitika kwambiri n'kufuna kupachika tsiku lonse pakamodzi. Yambani ndi zithunzi ziwiri zokha, choyamba ndi chotsatira, ndipo chotsatiracho chikhale chimene mwana amachikonda. Choyamba kusamba, kenako mpira. Ndipo mukalonjeza mpira, mpirawo ubweredi. Mukamunamiza kawiri katatu, chingwe chija chasanduka chokongoletsa nyumba basi. Onse a pakhomo achite chimodzimodzi, agogo, azakhali ndi akulu ake omwe, chifukwa mayi yekha sangathe.

Tsiku la zachilendo ndi limene zithunzi zimathandiza koposa. Ngati mawa kuli ulendo wa kuchipatala, jambulani njinga kapena minibasi, kenako chipatala, kenako nyumba yanu. Chithunzi cha nyumbacho chisasowe, pakuti ndicho chikumuuza kuti abwerera kwawo. Muonetseni madzulo, muonetseninso m'mawa, ndipo zithunzizo mupite nazo m'thumba.

Makolo ena amaopa kuti mwana akazolowera zithunzi sadzayankhulanso. Si choncho, malinga ngati chithunzi chilichonse chikupita limodzi ndi mawu ake. Komanso tisanamizane: zithunzi si mankhwala ochiza autism. Zimachepetsa mantha ndi kulira, zimamuphunzitsa mwana kudzichitira zinthu, ndipo zimatenga masabata, mwina miyezi.

Mwana akachedwa kuyankhula, auzeni alangizi a zaumoyo kusikelo, kapena pitani naye ku chipatala cha boma cha Mwanza kuti akamuone, makamaka makutu. Akafika msinkhu wa sukulu, kalembetseni. Funsani aphunzitsi aakulu ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Zithunzi za kunyumba zija kawaonetseni, kuti za m'kalasi zifanane nazo.

Kwa inu a miphakati tili ndi pempho. Mwana akakuwa pakati pa Misa, tisamuyang'ane mayi wake ndi diso lomuthamangitsa. Musiyireni malo pafupi ndi khomo kuti azitha kutuluka ndi kulowanso. Achinyamata odziwa kujambula akonze tizithunzi ta Misa: kulowa, kumvera Mawu, chopereka, Ukaristia, kutuluka. Pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu, aliyense abwere ndi katoni ndi chingwe, ndipo mabanja amene ali ndi ana otere mukawaitane mwaulemu kunyumba kwawo, osati kuwalengeza m'tchalitchi.