Mawu kwa anamwino atsopano pa tsiku lolandira masatifiketi



Ambiri mwa inu mukayambira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene namwino amagwira zonse: m'mawa sikelo ya ana, masana kupereka ma ARV, usiku kuchiritsa mayi ndi tochi magetsi atathima. Musadzaone ngati akutayani. Kumeneko n'kumene mudzadziwire mbali ya unamwino imene ikukuyenerani. Musathamangire kusankha lero chifukwa mwamva kuti ku thiyeta kuli ulemu, kapena kuti ku mabungwe kuli maalawansi. Yambani mwagwira ntchito, ndipo muziona kuti ndi odwala ati amene mumawaganizirabe mutaweruka naiti.

Ena mudzazama pa uzamba, ndipo aliyense amene anachezerapo ku Chatinkha kapena ku Bwaila akudziwa mmene azamba amafunikira. Ena mudzakonda ana odwala mwakayakaya, monga amene amagonekedwa ku Mercy James, chipatala cha ana chimene chinatsegulidwa ku Queens mu 2017.

Koma pali mbali ziwiri zimene ndikuzidandaulira, chifukwa ozisankha ndi ochepa. Yoyamba ndi ya matenda a maganizo. Namwino akanena kuti akupita ku Zomba Mental, anzake amamuseka ngati wodwalayo ndi iye. Chonsecho m'midzi mwathu muli odwala omangidwa zingwe kuseri kwa nyumba, muli amayi osokonezeka maganizo ali m'chikuta, ndipo maliro a anthu odzipha tikuwaika kawirikawiri. Maphunziro ake alipo, ku St John of God ku Mzuzu. Amene akusowa ndi anthu ofuna.

Yachiwiri ndi yosamalira odwala amene sangachirenso, monga a khansa yofika patali. Ku Tiyanjane ku Queens ndi ku Ndi Moyo ku Salima, namwino amachepetsa ululu ndi mofini, amaphunzitsa gadiyani kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, amakhala pansi n'kuuza banja zoona. Ntchitoyi ndi yolemetsa mtima, sindikubisirani, koma wodwala amene wakuwa sabata yathunthu akagona tulo, banja lonse limagona.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi ili: mwana wanu akadzabwera kudzakuuzani kuti wasankha ku Zomba, musadzamubweze. Mudzamufunse chifukwa chake, ndipo mudzamumvetsere mpaka amalize.