MABULOKO OTHIRAMO KONKIRE: KODI AYENERA MAZIKO A NYUMBA ZATHU?

Mau olankhulidwa kwa alimi pamsonkhano wa pambuyo pa kukolola.

Ino ndi nyengo imene ambiri a inu mwagulitsa cimanga, nshawa, fodya ndi thonje, ndipo ndidziwa kuti ena muli kuganiza zomanga nyumba yolimba ya malata. Munthu wa kumudzi amamanga nyumba yotere kamodzi kokha pa moyo wace. Akalakwa pa maziko, ndarama za zaka zambiri zimalowa pansi, pakuti denga lodontha tingathe kulikonza, koma maziko oipa sakonzeka popanda kugwetsa cipupa.

Pamsonkhano wina mnyamata anandionetsa cithunzi pa lamya yace, cimene mbale wace wa ku Canada anamtumizira. Pacithunzipo anthu anali kusanja mabuloko akuru otuwa m'dzenje la maziko, popanda matope kapena simenti pakati pace. Mnyamatayo anafunsa kuti, kodi ife tilekeranji kumanga cotero? Funso limenelo ndi labwino, ndipo ndilo ndifuna kuyankha lero.

Coyamba cimene muyenera kumvetsa ndi ici: buloko yotere sindiyo isenza nyumba iai. Iyo ndi cikombole cabe. Nonse mudziwa cikombole coumbira njerwa. Tikathiramo dothi, timacicotsa ndi kuumbira njerwa yina. Koma cikombole ici sacicotsa. Ciri ndi mphako mkati mwace, zina zoimirira ndi zina zopingasa. Amisiri akasanja mabuloko, mphakozo zimakomana, ndipo iwo amalowetsamo zitsulo ndi kuthiramo konkire. Konkire ikauma, mkati mwa cipupa mumakhala mizati ndi mitanda yolukana. Akuru amene munamangapo nyumba ya nsici mudzazindikira msanga. Nsici zoimirira ndi nsungwi zomangidwa mopingasa ndizo zimagwira nyumba, ndipo dothi lomata liri longotseka mphepo ndi cisanu. Nazonso ndi cimodzimodzi: konkire ndi zitsulo ndizo nsici, buloko ndiyo dothi lomata.

Mabuloko amenewa ali a mitundu iwiri. Mtundu wakale unayamba ku Switzerland m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina lace ndi Durisol. Amatenga tizidutswa ta matabwa, kutikonza kuti tisaole, ndi kutisanganiza ndi simenti. Mtundu wina, wochedwa Rastra, unayamba ku Austria m'caka ca 1972. Umenewu amapanga ndi polystyrene, ndiyo pulasitiki yoyera yopepuka ija imene mumapeza m'katoni mukagula wailesi kapena firiji. Amaipera kuti ikhale timibulu tating'ono ngati mapira, nasanganiza ndi simenti. Pa magawo 100 a buloko, magawo monga 85 ali pulasitiki yakale yotayidwa, ndipo 15 okha ndiwo simenti. Buloko imodzi ya mtundu uwu ingathe kutalika mapazi 10, msinkhu wace mainchesi 15, koma amuna awiri amainyamula, ndipo imadulidwa ndi sowo yocekera matabwa. Palinso mabuloko a pulasitiki yokhayokha yosasanganiza ndi simenti, amene mmisiri wa ku Canada dzina lace Werner Gregori anayamba kupanga m'caka ca 1966. Musaiwale kusiyana kumeneku, cifukwa tidzabwererako tikafika pa nkhani ya ciswe.

Tsono mufunsa kuti, anthu aja anabvutikiranji kupanga zinthu zotere? Yankho lace ndi cisanu. Kuno kwathu timati kwazizira m'mwezi wa June ndi July, pamene cisanu cipsereza matimati ndi ndiwo za kudimba. Koma ku Canada madzi a m'nthaka amaundana ngati mwala kwa miyezi ingapo. Madzi akaundana amatupa, ndipo nthaka yotupayo imanyamula ciri conse cokhala pamwamba pace, ngakhale nyumba. Cifukwa cace malamulo a kumeneko amafuna kuti maziko akumbidwe kupitirira pamene pafika cisanu. M'dera la Toronto amakumba mapazi 4, ndiwo mita 1.2, ndipo ku Ottawa amafika mapazi 6. Popeza kuti akumba kale dzenje lalitari cotero, ambiri amangoonjezapo pang'ono, napanga zipinda za pansi pa nthaka, momwe amasungamo katundu ndi kugonamo. Cipupa ca maziko cimakhala cipupa ca cipinda. Cikakhala ca konkire yokha cimazizira kwambiri ndi kucita thukuta, ndipo mwini nyumba amataya ndarama zambiri pa moto wofunditsa. Timibulu ta pulasitiki ndi tizidutswa ta matabwa timasunga mpweya mkati mwace, ndipo mpweya wotsekeredwa sulola kufunda kutuluka msanga, monga momwe licitira denga la udzu. Imeneyi ndiyo nchito yeniyeni ya mabuloko awa.

Kamangidwe kace kali kotere. Amayamba ndi kuthira konkire yopapatiza pansi pa dzenje, yotambalala kuposa cipupa, nazikamo zitsulo zoimirira isanaume, molingana ndi mphako za mabuloko. Mzere woyamba wa mabuloko ndiwo umadya nthawi. Uyenera kukhala wowongoka ndi wolingana ndithu, pakuti palibe simenti pakati pa mizere yoti mmisiri abisiremo colakwa cace. Mzere woyamba ukapendeka, cipupa conse cipendeka. Mizere yotsatira amailumikiza ndi ulimbo wa pulasitiki, naika zitsulo zopingasa pamene ali kukwera. Mabowo a mipope ya madzi ndi nthambo za magetsi amaboola nthawi yomweyo. Atatha amacirikiza cipupa ndi matabwa kuti cisagwedezeke.

Tsiku lothira konkire ndilo tsiku loopsya, ndipo pano ndifuna mumvetsetse. Konkire yaiwisi ndi yolemera zedi. Yodzala bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu imalemera makilogaramu monga 2,400, ndiko kulemera kwa matumba 48 a cimanga. Akaithira yonse nthawi imodzi kucokera pamwamba, buloko ya pansi ingathe kuphulika, konkire nkutayikira m'dzenje. Cotero amathira mapazi 4 okha, kuzungulira nyumba yonse, nayembekeza pang'ono kuti igwirane asanathire yina. Konkire yace iyenera kukhala ya miyala ing'onoing'ono ndi yoyenda bwino, kuti ilowe m'mphako zopingasa zija. Maiko aja amaibweretsa pa galimoto yosanganiziratu kufakitale, naikankha ndi makina kupyolera m'mpope. Taganizani tsono ife ndi fosholo, wilibala ndi ndowa. Munthu akatopa ndi kusonkhezera, amaonjeza madzi kuti konkire iyende, ndipo madzi ocuruka amapha mphamvu ya simenti. Coipa koposa ndi cakuti buloko imabisa zonse. Pa cikombole ca matabwa, ukacotsa matabwa umaona pamene konkire sinafike, nukonza. Pano suona kanthu. Mzati ungathe kukhala ndi mphako pakati, mwini nyumba nkumayenda mokondwa, osadziwa.

Konkire ikauma nchito sinathe. Buloko yosanganiza imamwa madzi, cifukwa cace mbali yokhudzana ndi nthaka amaimata ndi kuiphimba ndi cinthu cosalowa madzi. Pano pali msampha: phula losungunulidwa ndi petulo kapena mafuta ena otere limadya polystyrene, ndipo ayenera kusankha mtundu wosadya. Pansi m'mbali mwa maziko amayala mpope wa timabowo ndi miyala, kuti madzi a mvula apeze njira yocokera. Dothi salibwezera m'dzenje msanga. Konkire imafuna masiku 7 kuti ilimbe pang'ono ndi masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yace, ndipo cipupa cacitali asanacicirikize pamwamba cingathe kukankhidwa ndi dothilo.

Tibwere tsopano kwathu. Kodi adani a maziko athu ndani? Si cisanu iai, pakuti nthaka yathu siundana, ndipo sitimanga zipinda pansi. Kutentha kumene kumatisautsa m'mwezi wa October kumatsika kucokera kumalata. Sikukwera kucokera kumaziko. Munthu wofuna nyumba yozizira bwino acita mwanzeru akaika ndarama zace pa siling'i, pa khonde lalikuru ndi pa mitengo ya mthunzi. Adani athu ndi ena: dothi lotupa, madzi ndi ciswe.

Za dothi ndinaziona ndi maso anga kumudzi kwathu. Bambo wina, mlimi wakhama, anamanga nyumba yokoma ya njerwa zoocha m'mphepete mwa dambo, cifukwa pamenepo panali pafupi ndi citsime. Dothi lakuda la kudambo limatupa ndi mvula, ndipo m'cilimwe limang'ambika kufikira munthu angalowetsemo dzanja. Maziko anakumba osafika ndi m'bondo momwe. Patapita dzinja lacitatu mng'alu unayamba pa ngondya ya zenera, nutsika mpaka pansi, ndipo citseko cinaleka kutsekeka. Anamata caka ndi caka, koma mng'aluwo unabwerabe. Ndinena zoona kuti cipupa ca konkire ndi zitsulo, monga cija ca m'mabuloko, cikadapirira koposa pa dothi lotere. Koma cimene cikadathandiza ndi zitsulo ndi kuzama kwa maziko, osati pulasitiki. Ndipo zitsulo ndi simenti tiri nazo konkuno. Fakitale ya ku Chilanga inayamba kutulutsa simenti m'caka ca 1951.

Nkhani ya ciswe ndiyo ndifuna muisunge koposa. Ciswe sicidya pulasitiki monga cakudya, koma cimaiboola mosabvuta ndi kupanga njira mkati mwace. Pa cipupa ca njerwa, ciswe cikafuna kukwera cimamanga kanjira kace ka dothi poyera, ndipo mai wosesa m'mawa amakaona nakaphwanya. M'buloko ya pulasitiki yokhayokha cimakwera mobisika kucokera m'nthaka kufikira ku mitanda ya denga, ndipo mwini nyumba amadziwa mtanda utadyedwa kale. Zimenezi zinacitika ku America, m'zigawo zofunda monga Florida, Georgia ndi Louisiana, kotero kuti malamulo a kamangidwe a dziko limenelo amaletsa kuika pulasitiki yotere pansi pa nthaka m'madera a ciswe cambiri, pokhapokha itatetezedwa mwa njira yobvomerezeka. Opanga mabuloko osanganiza ndi simenti amanena kuti ao ndi osiyana, cifukwa kambulu kali konse kakutidwa ndi simenti ndipo ciswe cimalephera kuboola. M'mau amenewo muli nzeru, ndipo ngati pali kusankha, buloko yosanganiza iposa ya pulasitiki yokha. Komabe ciswe sicifuna khomo lalikuru. Polumikizana mabuloko awiri, kapena poboola mpope, pakwanira. Inu amene mumalima pakati pa zulu zazitali kuposa munthu simufunika kuuzidwa mphamvu ya kacirombo kameneka.

Pali cinanso, ndico mtengo. Mabuloko awa amapangidwa m'fakitale, ndipo ngakhale ali opepuka, amadzaza galimoto msanga. Wolipira mtengatenga amalipirira malo, osati kulemera kokha. Pamwamba pace muyenera kugulabe simenti, miyala, mcenga ndi zitsulo zodzazira mphako. Ine kuganiza kwanga ndi kwakuti mabuloko amenewa ali ndi malo ace ngakhale m'dziko lofunda, makamaka pa zipupa za pamwamba za nyumba yosungiramo mbeu, mkaka kapena zipatso, imene iyenera kukhala yozizira usana ndi usiku, ndiponso pamene pali mmisiri wodziwa nchitoyo ndi makina othirira konkire. Koma kuwakwirira pansi pa nyumba ya kumudzi ndiko kugula bulangete la nyumba imene siimva cisanu.

Kwa inu amene muyamba kukumba caka cino, nazi zimene ndikupemphani. Sankhani malo okwera, kutali ndi dambo, ndipo musamange pamene panali culu kapena dzenje lakale la zinyalala. Kumbani kufikira mutapeza nthaka yolimba yosasintha maonekedwe. Pa dothi labwino amisiri ambiri amakumba mapazi awiri kapena kupitirira, koma pa dothi lakuda funsani wa zomangamanga wa ku khonsolo musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Zulani zitsa ndi mizu yonse, cifukwa ndizo nkhokwe za ciswe. Konkire ya pansi musaiume mtima: muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mcenga woyera wa kumtsinje ndi 6 ya miyala, ndipo muithirire madzi masiku 7, mutaiphimba ndi udzu kapena masaka. Ngati mumanga maziko ndi mabuloko athu a simenti a mphako, tengani nzeru ya anzathu aja: imikani citsulo m'ngondya iri yonse ndi kudzaza mphakozo ndi konkire, pang'onopang'ono, mukusinja ndi ndodo. Pamwamba pa maziko yalani pulasitiki yakuda yolimba musanayambe cipupa, kuti cinyontho cisakwere.

Cipupa ca maziko cituluke pamwamba pa nthaka mainchesi 6 kapena kuposa, ndipo mbali imeneyo ikhale poyera nthawi zonse. Musaunjikepo nkhuni, mapesi kapena dothi la maluwa. Azimai, posesa pabwalo m'mawa, yendani kuzungulira nyumba ndi kuyang'ana pamenepo. Mukaona kanjira ka dothi kali kukwera, kaphwanyeni tsiku lomwelo, ndi kulondola kumene kacokera.

Amene ali ndi mafunso aimirire, tiyambire kwa mafumu.