Ambuye James Chiona ndi Kulemera kwa Kusaina Dzina

(Mawu omwe mnzathu wina adayankhula pamsonkhano wa ophunzira akale pa Boma la Phalombe)

Mudandipempha kuti ndinene za munthu mmodzi amene moyo wake ungatiphunzitse kanthu. Ine ndasankha malemu Ambuye James Chiona, amene dera lathu lino la Phalombe lidali m'manja mwawo monga mbali ya Arkidayosizi ya Blantyre.

Ambuye Chiona adabadwa m'chaka cha 1924 ndipo adadzozedwa unsembe mu 1954. Mu 1965 adasankhidwa kukhala episkopi wothandizira ku Blantyre, ndipo mu 1967 adalowa m'malo mwa Ambuye Theunissen, nakhala Mmalawi woyamba pa mpando wa Arkiepiskopi wa Blantyre. Adalandira Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1989, adapuma pa udindo mu 2001 ndipo adamwalira mu 2008.

Koma tsiku limene tonse timawakumbukira nalo ndi Lamulungu la pa 8 Malichi 1992. Ine ndidali mwana wa ku pulayimale, patangotha chaka chimodzi chichitikire Napolo wa ku Michesi. Ndidaona wansembe akuwerenga kalata ya aepiskopi, tchalitchi chili zii, ndipo pobwerera kumudzi bambo anga sadatulutse mawu njira yonse. Kalatayo idanena zomwe aliyense ankazidziwa koma ankaopa kuzitchula: kuchulukana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipatala, malipiro osakwanira, ndiponso kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Pansi pake padali mayina asanu ndi awiri, limodzi mwa iwo la Ambuye Chiona.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Apolisi adaitana aepiskopi kukawafunsa, boma lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche a ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno. Komabe pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri, ndipo mu Meyi 1994 tidachita chisankho.

Mfundo yanga ndi iyi. Ambuye Chiona adali atakhala pa mpandowo zaka pafupifupi 25, ali ndi zaka zoposa 65. Akadafuna, akadangodikira kupuma mwaulemu. Iwo adatenga cholembera nasaina, akudziwa bwino lomwe kuti dzina lawo likhoza kuwaphetsa.

Ambiri mwa ife tili m'maofesi a boma, m'sukulu ndi m'zipatala, ndipo tsiku ndi tsiku timasaina mapepala. Ndivomere pamaso panu kuti tsiku lina ndidasainira katundu amene sindidamuwerenge, chifukwa choopa kukhumudwitsa abwana. Mpaka lero mtima umandigunda ndikakumbukira. Palibe adandiopseza ndi ndende, ndidangoopa kusamutsidwa.

Choncho anzanga, pepala likafika pa tebulo lanu, kaya ndi la mabuku a ana, kaya la chimanga cha anthu ovutika ndi kusefukira kwa madzi, yambani mwaona ndi maso anu musanasaine. Akulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Maphunziro amene tidalandira pasukulu yathu adatikuza mitu, tisazembe.